MASAMBA A MITENGO YA M'MACHUBU NDI M'ZITINI: KUDZIWA CHOBVUTA NDI KUCHIKONZA

Alimi anzathu a ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, tifuna kukamba nanu za mitengo yaing'ono imene mukulera m'machubu, m'zitini ndi m'miphika, kaya pansi pa chisakasa cha nazale ku dimba, kaya pakhonde, kaya m'nyumba momwe pafupi ndi zenera. Chaka ndi chaka pofika mwezi wa Okutobala madandaulo amakhala amodzimodzi: mbande zachita chikasu, masamba akupiringizika, ndimu wayoyola masamba onse. Ambiri akaona zotere amathamangira kukagula mankhwala, ena amaonjeza madzi, ena amathira fetereza wotsala ku fodya. Kawirikawiri mtengo umafa ndi chithandizo chomwecho, pakuti mwini wache sanayambe wafufuza chimene chabvuta.

Nkhani imeneyi si yaing'ono kwa mlimi wa fodya. Kuyambira zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron anatsegula munda wache ku Mbabvi ndipo fodya wa chikopa anafala m'midzi ya Lilongwe, mitengo ya dera lino yakhala ikudulidwa kosalekeza. Bungwe la Native Tobacco Board litakhazikitsidwa mu 1926, alimi a fodya anachuluka, ndipo nkhuni zofukizira chikopa zinafunika zambiri. Pambuyo pache panabwera fodya wa bale, amene afuna mphanda, mitanda ndi mikangala ya chigafa. Lero nkhalango yaikulu yotsala kufupi ndi ife ndi ya Dzalanyama, imene inatetezedwa mu 1922, ndipo ndiyo imasunga magwero a mtsinje wa Lilongwe. Mlimi amene sadzala mitengo yache ayenera kugula mtengo uli wonse wa chigafa ndi ndalama za fodya yemweyo.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma kuno mbande zimene zimagwira bwino ndi zookedwa mu Disembala ndi Januwale, mvula ikali yambiri. Chotero mbande zikafa mu Okutobala, nthawi yofesa zina imakhala itapita, ndipo chaka chathunthu chatayika. Nchifukwa chache tiyenera kuphunzira kuwerenga masamba.

TSAMBA NDI MBONI CHABE

Mizu imakoka madzi ndi chakudya cha m'dothi, ndipo masamba amapanga chakudya cha mtengo wonse ndi mphamvu ya dzuwa. Chiri chonse chobvuta, kaya chiri ku mizu, kaya m'dothi, kaya mumpweya, chimadzaonekera pa tsamba. Tsono tsamba lachikasu sindilo lopalamula, koma ndi mboni yongonena kuti pena pache palakwika. Mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva mboni imodzi. Chimodzimodzi inu, musanachite kanthu dzifunseni mafunso asanu awa.

1. Kodi masamba odwala ndi ati, akale a pansi kapena anthete a kunsonga?

2. Kodi mbande zodwala ziri pati? Ngati zonse zadwala mofanana pa nthawi imodzi, ganizani za madzi, dothi kapena dzuwa. Ngati bvuto layamba pa malo amodzi ndipo likufalikira tsiku ndi tsiku, ganizani za matenda kapena tizirombo. Ngati zadwala za m'mphepete mwa bedi zokha, ganizani za dzuwa ndi mphepo.

3. Kodi kunsi kwa tsamba kuli chiani? Tizirombo tambiri timabisala kumeneko. Tembenuzani tsamba m'mawa, kuwala kuli bwino.

4. Kodi dothi ndi mizu ziri bwanji? Pisani chala m'chubu mpaka pa mfundo yachiwiri. Kenaka ng'ambani chubu chimodzi muone mizu. Kutaya mbande imodzi kuti mupulumutse mazana sikuluza.

5. Kodi chasintha nchiani m'masabata awiri apitawa? Mwina mwasuntha mtengo, mwachotsa mthunzi, mwathira fetereza, mwasintha chitsime, kapena wina wapopera mankhwala m'munda wa pafupi.

ZINA SI MATENDA

Tiyambe ndi kukuchotsani nkhawa pa zinthu zimene ziri chibadwa cha mitengo. Msangu umayoyola masamba mvula ikayamba ndi kuphukanso m'chilimwe. Ndicho chifukwa chache chimanga chimakula bwino pansi pache. Musaudule poganiza kuti wauma. Masamba atsopano a mango amatuluka ofiirira ndi olendewera ngati ofota, koma pakapita masabata ochepa amalimba ndi kubiriwira. Mapeyala ena amataya masamba ambiri akale pa nthawi ya maluwa. Ndiponso tsamba liri lonse limakalamba. Ngati tsamba limodzi kapena awiri a pansi penipeni achita chikasu pamene nsonga ikukula bwino, mtengowo uli moyo ndithu, ndipo sufuna mankhwala.

MADZI OCHULUKA NDI MADZI OCHEPA

Mbande zambiri za m'machubu ndi m'zitini zimafa ndi madzi ochuluka koposa zimene zimafa ndi ludzu. Mizu imapuma monga ife. Dothi likakhala lonyowa usana ndi usiku mpweya umatha, mizu imaola, ndipo mizu yoola singathe kukoka madzi. Tsono mtengo umafota uli m'matope, mwini wache nkuonjezanso madzi poganiza kuti uli ndi ludzu.

Zizindikiro za madzi ochuluka ndi izi: masamba a pansi amachita chikasu ndi kugwa ali ofewa; pamwamba pa dothi pamamera ndere; chubu chimalemera ndipo dothi limanunkha ngati la m'dambo; mizu imakhala yakuda, ndipo mukaikoka khungu lache limasupuka. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba. Papaya ndi peyala ndiyo mitengo yofa msanga ndi bvuto limeneli.

Chochita ndi kuleka kuthirira mpaka dothi la pamwamba liume. Boolani mabowo anai kapena asanu pansi pa chitini chiri chonse, ndipo chiikeni pa njerwa kuti madzi adzitsika. Musasiye mphika utakhala m'mbale ya madzi. Ngati dothi liri la makande lokhalokha, sinthani. Dothi labwino la m'machubu ndi magawo atatu a dothi la pamwamba, gawo limodzi la manyowa oolerana ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje.

Mtengo wa ludzu umaoneka mosiyana. Masamba amalefuka masana ndi kudzukanso madzulo mukathirira. Ludzu likapitirira, nsonga ndi m'mphepete mwa tsamba mumauma nkumathetheka ngati fodya wouma, ndipo chubu chimapepuka. Dothi louma kwambiri limachoka m'mbali mwa chubu, kotero kuti madzi amangodutsa m'mbali osafika pakati. Chubu chotere chiimikeni m'beseni la madzi kwa theka la ora kuti chimwe kuchokera pansi. Thirirani m'mawa, mokwanira kuti madzi atulukire pansi. Kuwaza timadzi pamwamba kangapo pa tsiku kumaphunzitsa mizu kukhala pamwamba. Koma dziwani kuti mu Okutobala ndi Novembala mbande ina imalefuka pang'ono masana ngakhale dothi liri lonyowa. Musathirire musanapise chala.

Samalaninso za mtundu wa madzi. Madzi a mijigo ina ali ndi mchere. Mukaona zoyera ngati mchere pamwamba pa dothi kapena m'mbali mwa mphika, ndipo nsonga za masamba zikupsa, makamaka pa peyala, palani dothi loyeralo ndi kutsanulira madzi ambiri abwino kuti atsuke mchere ndi kutulukira pansi. Madzi ochapira zobvala a sopo wa ufa sayenera kuthiridwa pa mbande.

DZUWA, MTHUNZI, CHISANU NDI UTSI

Mthunzi wa chisakasa umafunika pamene mbeu zikumera ndi pamene mwangozitsira mbande m'machubu. Ukakhalitsa umaononga. Mbande ya mumthunzi wambiri imatalika ngati chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango: tsinde lowonda, mfundo zotalikirana, masamba otuwa, ndipo imapendekera kumene kukuchokera kuwala. Mtengo wa m'nyumba umachita chimodzimodzi, ndipo umataya masamba a mbali ya kukhoma. Mandimu, malalanje ndi manachesi amafuna dzuwa la maora asanu ndi limodzi kapena kuposa pa tsiku, chotero m'chipinda sangakhalitse. Malo ao ndi pakhonde loyang'ana dzuwa, ndipo mphika udzitembenuzidwa sabata iri yonse.

Koma mtengo wozolowera mthunzi mukautulutsa pa dzuwa tsiku limodzi, masamba a pamwamba amapsa mawanga oyera kapena otuwa ngati pepala, mbali yoyang'ana dzuwa yokha. Mawanga amenewa safalikira, ndipo apa ndi pamene amasiyana ndi matenda. Chepetsani udzu wa chisakasa pang'ono pang'ono, monga mumachitira pa mabedi a fodya. Masabata atatu kapena anai musanaoke, mthunzi ukhale utachoka wonse ndipo madzi achepetsedwe kuti mbande zikhwime. Machubu akuda ndi zitini za m'mphepete zimatentha kwambiri ndi dzuwa la Okutobala mpaka mizu kupsa. Tchingani m'mbali mwa bedi ndi njerwa, dothi kapena udzu.

Dera lathu liri pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo mu Juni ndi Julayi mphepo yozizira imatsikira m'madambo usiku. Mukapeza m'mawa masamba anthete a papaya kapena mango atada ngati owathira madzi otentha, chimenecho ndi chisanu. Bvundikirani mbande ndi udzu madzulo, ndi kubvundukula dzuwa likatuluka. Mtengo wa pafupi ndi khitchini kapena m'mbali mwa mseu umakutidwa ndi utsi ndi fumbi, zimene zimatchinga kuwala. Pukutani masamba ndi kansalu konyowa, kapena atsukeni ndi kheni.

NJALA YA M'DOTHI

Mtengo wa m'munda umatumiza mizu kutali kukafuna chakudya, koma wa m'chubu uli ndi dothi la manja awiri basi. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu chakudya chimatha. Apa ndi pamene funso loyamba lija limagwira nchito, pakuti zakudya zina mtengo umatha kuzichotsa m'masamba akale ndi kuzitumiza kwa anthete, koma zina sungathe kuzisuntha.

Njala yooneka pa masamba akale. Nayitrojeni akasowa, tsamba lonse la pansi limachita chikasu mofanana, ndipo mtengo umapinimbira. Inu alimi a chimanga mumachidziwa chikasu chimenechi m'munda wosathira fetereza wobereketsa. Potashi akasowa, m'mphepete mwa tsamba lakale mumapsa pamene pakati pali pobiriwira. Maginiziyamu akasowa, chikasu chimalowa pakati pa mitsempha, mitsempha yeniyeniyo nkutsala yobiriwira, monga zimachitikira pa fodya wa m'dothi la mchenga mvula ikachuluka. Fosifolasi akasowa, masamba amadera ndi kufiirira, ndipo mbande imaima osakula.

Njala yooneka pa masamba anthete. Ayironi akasowa, tsamba latsopano limayera koma timitsempha tache timatsala tobiriwira ngati ukonde. Kawirikawiri ayironi amakhalamo m'dothi, koma mizu imalephera kumtenga chifukwa cha madzi ochuluka, phulusa lambiri, laimu kapena dothi la pachulu. Zinki akasowa, mandimu ndi mango zimatulutsa timasamba tating'ono, topyapyala, tothithikana kunsonga. Salufa akasowa, masamba anthete amachita chikasu tsamba lonse.

Nkhani ya salufa iri ndi mbiri m'dziko lathu. Kale tiyi wa ku Mulanje ankachita chikasu ndi kufa, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi matenda. Mu 1933 akatswiri awiri, H. H. Storey ndi R. Leach, anaonetsa kuti tiyiyo ankangosowa salufa m'dothi. Atamthira fetereza wokhala ndi salufa anachira. Phunziro lache ndi lakuti chikasu sichitanthauza matenda nthawi zonse. Ndiponso mukawerenga pa thumba la fetereza wokulitsa chimanga mudzapeza zolemba monga 23:21:0+4S kapena 23:10:5+6S+1.0Zn. Chilembo S chikuimira salufa ndipo Zn akuimira zinki, pakuti madothi ambiri a kuno amasowa zimenezi.

Chithandizo chosaopsa ndi manyowa a madzi. Ikani manyowa a ng'ombe kapena a mbuzi m'thumba, limizeni mu mgolo wa madzi kwa masabata awiri, kenaka sungunulani madziwo ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wosapsa. Thirani kamodzi pa sabata. Ngati mugwiritsa nchito fetereza, sungunulani supuni yaing'ono imodzi m'kheni ya malita 10, thirani pa dothi lonyowa kale, ndipo tsukani masamba ndi madzi oyera pambuyo pache. Musaike timibulu ta fetereza m'chubu. Yureya ndi wamphamvu kwambiri, ndipo timibulu tochepa tingathe kupha mbande. Chizindikiro cha fetereza wochuluka ndi masamba opsa m'mphepete ndi kufota patangopita tsiku limodzi kapena awiri mutathira. Zikatero tsanulirani madzi ambiri msanga. Manyowa a nkhuku osaola amaotcha chimodzimodzi. Msangu, mthethe ndi gilirisidiya zimadzipezera nayitrojeni kuchokera mumpweya mothandizidwa ndi tizamoyo ta m'mizu, chotero sizifuna fetereza wambiri.

Musayembekeze kuti tsamba lopsa lidzabiriwiranso. Onani masamba atsopano pakapita masabata awiri kapena atatu. Akatuluka athanzi, mwapeza chobvuta.

MIZU YOSOWA MALO

Mtengo ukakhalitsa m'chitini, mizu imazungulira m'kati ngati nkhata. Masamba amatuluka aang'ono, madzi amauma msanga, ndipo ngakhale muthire manyowa palibe chosintha. Usamutsireni m'chotengera chokulirapo pang'ono kapena muuoke m'munda, mutayamba mwadula mizu yozungulirayo ndi mpeni wakuthwa. Pa nazale mizu imaboola pansi pa chubu ndi kulowa m'nthaka. Mukadzanyamula chubucho pa tsiku looka mizu imaduka yonse nthawi imodzi, ndipo mbande imafota ndi kufa. Nchifukwa chache tiyenera kusuntha machubu ndi kudula mizu yotulukira masabata awiri ali onse, madzulo, ndi kuthirira pomwepo. Msangu uli ndi muzu umodzi wautali umene sukonda kudulidwa, chotero machubu ache ndi bwino kuwaika pa thandala, kuti muzu ukatulukira pansi uleke wokha kukula ukakumana ndi mpweya.

TIZIROMBO

Nsabwe za zomera zimaunjikana kunsonga zanthete ndi kuyamwa madzi, ndipo masamba amapiringizika. Kodikodi amaoneka ngati thonje loyera m'mfundo ndi kunsi kwa masamba, makamaka pa papaya, gwafa ndi mandimu. Pali tina tomatirira pa tsinde ndi pa mtsempha wa tsamba ngati mamba a nsomba, tosayenda, timene timachoka mukatipala ndi chikhadabo. Palinso tinchenche toyera timene timauluka mukagwedeza nthambi. Tambiri mwa tizirombo timeneti timatulutsa timadzi totsekemera tonanda ngati uchi. Pa timadzi timeneti pamamera chuku chakuda ngati mwaye. Chukucho sichidya tsamba, chimangotchinga dzuwa, ndipo chimachoka mukachipukuta. Chotero musalimbane ndi mwayewo, koma funani kachirombo kamene kali pamwamba pache. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika mumtengo, dziwani kuti zikutsata timadzi timeneti ndipo zikuteteza tizirombo toyamwato.

Pothana nato, yambani ndi kutiphwanya ndi zala kapena kutitsuka ndi madzi. Tikachuluka, sungunulani kachidutswa ka sopo wa mtanda kofanana ndi bokosi la machesi m'malita 5 a madzi, ndi kuwaza kunsi kwa masamba madzulo. Yesani pa mbande zochepa poyamba, pakuti sopo wochuluka amaotcha. Bwerezani pakapita sabata. Madzi onyikamo masamba osinja a nimu kapena a mthuthu amathandizanso, koma mthuthu umapha nsomba, chotero musatsukire ziwiya zache mumtsinje. Tizirombo tozungulira tofiira ta madontho akuda timadya nsabwe, ndipo ndi abwenzi athu. Musatiphe.

Akangaude ofiira, amene mumawadziwa pa matimati, amakonda nyengo yotentha ndi youma, ndiponso mitengo ya pakhonde imene mvula siifika. Tsamba limachita timadontho totuwa ngati lobayidwa ndi singano, ndipo kunsi kwache kumakhala ukonde wosalala. Gwedezani tsamba pamwamba pa pepala loyera, mudzaona timadontho tikuyenda. Kutsuka kunsi kwa masamba kawirikawiri kumawachepetsa.

Pa mandimu ndi malalanje pali adani atatu oyenera kuwadziwa. Woyamba ndi kambozi koyenda m'kati mwa tsamba lanthete, kosiya mzere wokhotakhota wonyezimira. Pa mbande, thothoni masamba oterowo ndi kuwatentha. Wachiwiri ndi mbozi imene ikali yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, ndipo imatha kumaliza masamba a mbande m'masiku ochepa. Itoleni ndi manja. Wachitatu ndi kachirombo kamene ana ache amakhala m'timaenje kunsi kwa tsamba, pamwamba pache nkutuluka tizotupa. Kameneka ndi koopsa chifukwa kamafalitsa nthenda imene ku Chingerezi amati greening. Tsamba la mtengo wodwala nthendayi limachita chikasu cha mawanga chosafanana mbali ziwiri za mtsempha wa pakati, pamene chikasu cha njala ya zinki chimafanana mbali zonse ziwiri. Nthendayi iribe mankhwala. Mbande yotere itenthedwe, ndipo musadulepo nthambi yokamezanitsa.

Pa bulugama, mukaona zotupa pa mtsempha wa pakati ndi pa kapesi ka tsamba, ndi kachirombo konga mavu kochokera ku Australia kamene kaikira mazira m'menemo. Mbande zotupa kwambiri zichotsedwe ndi kutenthedwa. Masamba odyedwa m'mphepete ndi nchito ya ziwala ndi nunkhadala, amene amagwidwa mosabvuta m'mawa kukali kozizira. Mbande yodulidwa pa tsinde usiku ndi nchito ya nkhululu kapena mphutsi za m'dothi. Fukulani pafupi mudzazipeza. Mbande youma mwadzidzidzi masamba ali pomwepo, imene ikuzuka mosabvuta, yadyedwa mizu ndi chiswe.

MATENDA

Nthenda yoyamba mumaidziwa kale pa mabedi a fodya. Timbande tongomera timaola pakhosi, pamene tsinde likumana ndi dothi, ndi kugwa m'magulu. Imabwera ndi chuku cha m'dothi, ndipo imakula ndi madzi ochuluka, kufesa mothithikana ndi mthunzi wambiri. Chotsani zodwala pamodzi ndi dothi lozungulira, chepetsani madzi ndi mthunzi, patulirani, ndipo lekani kuthirira madzulo. Dothi la pamenepo lisalowenso m'machubu.

Yachiwiri ndi zoyera ngati ufa pa masamba anthete ndi maluwa a mango, ndiponso pa papaya, makamaka kuyambira Juni mpaka Sepitembala pamene usiku kuli mame koma masana kuli kouma. Mankhwala a salufa amathandiza, koma asapoperedwe dzuwa likutentha. Yachitatu ndi mawanga akuda kapena ofiirira, nthawi zina ozunguliridwa ndi chikasu, amene amakula ndi kulumikizana m'nyengo ya mvula, pa mango, mapeyala ndi malalanje. Amafala ndi madontho a madzi odumpha kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. Thothoni masamba odwala ndi kuwatentha, talikitsani machubu kuti mphepo idzidutsa, ndipo thirirani pa dothi osati pa masamba. Nthenda ikakana, funsani mlangizi za mankhwala a kopa. Dziwani kuti mankhwala amenewa amateteza masamba athanzi koma sachiza odwala kale.

CHENJEZO PA MANKHWALA

Masiku ano alimi ambiri amapha udzu ndi mankhwala. Mphepo ikauluzira mankhwalawo pa nazale, kapena mukapopera mbande ndi pampu yosatsuka bwino, masamba atsopano amatuluka opyapyala, opotoka kapena oyera, pa mitengo ya mitundu yosiyana nthawi imodzi. Nthenda imakonda kusankha mtundu umodzi, koma mankhwala a udzu sasankha. Ngati nkotheka, pampu ya mankhwala a udzu ikhale yache yache.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mankhwala monga DDT ndi dieldrin ankagwiritsidwa nchito kwambiri pa ulimi. Pambuyo pache kunadziwika kuti amakhalitsa m'dothi ndi m'matupi a anthu ndi nyama, ndipo lero saloledwa m'munda. Gulani mankhwala okhala m'botolo lache lolembedwa bwino, osati ogawidwa m'timabotolo pa msika. Mankhwala a fodya kapena a thonje asathiridwe pa mitengo ya zipatso popanda uphungu wa mlangizi, ndipo pa mtengo wa m'nyumba, momwe mumagona ana, musapoperepo mankhwala a poizoni.

KUMENE MUNGAPEZE THANDIZO

Inu a ku Mpingu muli ndi mwayi, pakuti malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, amene anakhazikitsidwa mu 1948, ali pafupi nanu pa mseu wa ku Mchinji. Kafukufuku wa zipatso amachitika makamaka ku Bvumbwe, ndipo wa mitengo ya nkhalango ku Zomba. Koma khomo loyamba ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa dera lanu. Popita kwa iye musatenge tsamba limodzi louma. Tengani mbande yathunthu ndi chubu chache, imene yangoyamba kudwala, pamodzi ndi ina yathanzi yoyerekezera, ndipo mukafotokoze tsiku lofesa, dothi, madzi ndi zonse zimene munathira.

Mukaona chinthu chachilendo musachedwe kunena. Nsabwe za mkungudza zinaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986, ndipo m'zaka zochepa zinaumitsa mitengo yambiri kuno ndi m'maiko oyandikana nafe. Kachirombo katsopano kamayamba ndi nazale imodzi, ndipo mlimi ndiye amene amayamba kukaona. Pa chifukwa chomwechi, mbande yogula kwina ikhale payokha masabata awiri musanaisakanize ndi zanu.

Pomaliza tikupempheni chinthu chimodzi. Sankhani tsiku limodzi pa sabata loyendera mbande zanu opanda kheni m'manja. Tembenuzani masamba, pisani chala m'dothi, nyamulani machubu angapo. Mukapeza chobvuta sinthani chinthu chimodzi chokha, ndi kudikira kuti muone masamba atsopano, pakuti mukasintha madzi, fetereza ndi mankhwala tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chapha. Akulu anati mmera mpoyamba. Mphanda za chigafa zimene mudzadula zaka zisanu zikudzazi, ndi mandimu amene ana anu adzathyola pakhomo, ziri m'machubu amenewa lero lino.